Chikho cha Mtendere ku Tidyenawo

Ufumu wa Tidyenawo suli kutali. Ukadzuka m'mawa n'kumva pa wailesi kuti zinthu zonse zili bwino pomwe m'nyumba mulibe ngakhale mchere, dziwa kuti wayandikira malire ake. Likulu lake ndi Mawamawa, mzinda umene chilichonse chimachitika tsiku lotsatira. Kumeneko kunkakhala Mfumu Ndaonekera Wachitatu, munthu wosakwiya msanga, wosatukwana, wosamenya ndi dzanja lake. Vuto lake linali limodzi, kukonda kujambulidwa. Chithunzi chake chinali m'sukulu, m'chipatala, pa chigayo, ngakhale pakhomo la chimbudzi cha pamsika, ndipo pa chilichonse inali itapendeketsa mutu chifukwa mlangizi wina anaiuza kuti tsaya lakumanja ndilo looneka bwino.

Kum'mawa kwa ufumuwo kuli dera la Dikirani, kumene kumakhala Asilamu. Ndi ochepa. Pogawa mijigo boma limawaiwala, koma likafuna anthu okavina pa bwalo la ndege limawapeza onse. Zaka ziwiri zapitazo mfumu inalamula kuti Lachisanu lililonse, dzuwa lili pamutu, anthu onse azikalambula msewu wopita kunyumba yachifumu. Imeneyo ndi nthawi imene Asilamu amakhala ku mzikiti. Iwo anapempha kuti azilambula Lachinayi, kapena Loweruka, kapena masiku onse awiri. Yankho linabwera pa malole atatu a apolisi. Miyala inauluka, utsi wokhetsa misozi unalowa mu mzikiti, magolosale anapsa, anthu anayi anaikidwa m'manda, ndipo amuna khumi ndi awiri anatengedwa kupita ku ndende ya Khalanipo.

Khumi ndi mmodzi anatuluka pang'onopang'ono, ambiri chifukwa anali ndi mlamu m'boma, awiri atakulungidwa mu nsalu yoyera. Anatsala mmodzi, Che Twaibu Bwanali, telala wa pakhonde. Mlandu wake unali woti anapinda m'mphepete mwa nsalu imene achinyamata analembapo madandaulo awo. Iye kuwerenga sadziwa. Anangoona ulusi ukuyoyoka ndiye anaika nsaluyo pa makina, popeza telala weniweni sangapirire zoterozo. Mlamu m'boma analibe. Anali ndi mkazi wake yekha, Abiti Jafali, amene anasiya munda n'kuyamba kugulitsa mbatata pamsika wa Mawamawa kuti akhale pafupi ndi ndendeyo. Kumuona mwamuna wake ankamulola kamodzi pa miyezi itatu, pa kawindo ka waya.

Nkhani ya utsi mu mzikiti inamveka kunja, ndipo maiko asanu ndi awiri anamva chisoni tsiku limodzi. Anapanga bungwe lotchedwa Abwenzi a Mtendere wa Tidyenawo. Sindikunyoza ayi, anthuwa ntchito anagwira. Anachititsa misonkhano makumi atatu m'mahotela a kumapiri, kumene nduna ndi mashehe anaphunzira kujambula mtengo wa mavuto pa chipepala chachikulu, mizu pansi, nthambi m'mwamba. Anabweretsa magalimoto oyera a tinyanga titalititali. Anagawa masikipa a chithunzi cha nkhunda, ochuluka mwakuti ku Dikirani ena ankasefera madzi. Pomaliza panatuluka pangano la masamba makumi asanu ndi limodzi. Ndime yoyamba inkathokoza mfumu. Yachiwiri inkathokoza Abwenzi. Yachitatu inkathokoza mfumu chifukwa chothokoza Abwenzi. Ndime ya khumi ndi chinayi inali ya mizere iwiri yokha, yonena kuti womangidwa aliyense pa nkhani ya msewu adzamasulidwa pangano likadzatsimikizidwa mwa mwambo wa dziko. Abiti Jafali anapempha mphunzitsi wina kuti amuwerengere ndimeyo kasanu, mpaka anailoweza.

Tsono ku Tidyenawo mtendere sumangidwa ndi cholembera. Anthu akayambana, kaya pa malire a munda kaya pa nkhondo, amuna awiri a mbali ziwirizo amaima pabwalo n'kumwera thobwa chikho chimodzi, wamkulu kuyamba, mnzake kutsiriza. Wokana chikho wanena pamaso pa anthu kuti mkangano ukadalipo, ndipo chikho sichibweranso mpaka patatha zaka zisanu ndi ziwiri. Abwenzi a Mtendere atamva za mwambowu anaukonda koopsa. Anati ndi nzeru zakuya za makolo, ndipo anajambula chikho pachikuto cha lipoti lawo.

Mtsogoleri wa Abwenziwo anali mayi wa ku dziko la Kuzizira. Dzina lake linkavuta lilime, ndiye anthu anangomutcha Mayi Ndandanda, chifukwa sankayenda popanda pepala lonena chimene chichitike mphindi iliyonse. Mtima anali nawo wabwino, zimenezo ndikuvomera. Ndiye amene anasankha tsiku la chikho. Anayala makalendala a maiko onse asanu ndi awiri patebulo, n'kupewa masiku a zisankho, a tchuthi, a chisanu choopsa ndi a mpira. Panatsala tsiku limodzi lokha limene akazembe onse akanatha kukhalapo, Lachiwiri lina, ndipo anaika mwambowo thwelofu koloko masana poti ndege yawo inkanyamuka fili koloko. Kalendala ya anthu amene ankabwera kudzawayanjanitsawo inalibe malo patebulopo.

Nkhaniyi inafika pamsika Loweruka m'mawa. Anaibweretsa ndi Nangondo, mayi wogulitsa makala pafupi ndi Abiti, Mkhristu wa kwaya, wa pakamwa posatseka.

"Mwamva, Abiti? Lachiwiri amuna anu akutuluka. Pa wailesi anena katatu, kachitatuko ndi ng'oma zomwe."

Abiti anaika pansi mbatata imene ankapukuta. "Lachiwiri liti?"

"Likubwerali. Mfumu ndi a Shehe anu amwa chikho pabwalo lalikulu, thwelofu koloko."

"Masana?"

"Nanga usiku mfumu ingaoneke?"

Abiti anawerenga zala zake, n'kuwerenganso. "Ife tayamba kufunga dzulo, Nangondo. Lachiwiri ndi tsiku lachisanu la Ramazani. A Shehe sangamwe. Ngakhale dontho la madzi sililowa pakamwa mpaka dzuwa litalowa."

"Zimenezo ndi ine ndemwe ndikuzidziwa, ine wa makala," anatero Nangondo. "Chaka chilichonse mwezi umenewu mandasi ndimadyera kuseri kwa matumba kuti musamve fungo. Maiko asanu ndi awiri, magalimoto onse aja, panalibe wowanong'oneza?"

"Anali otanganidwa kutiyanjanitsa," anayankha Abiti. Anafuna kuseka koma sizinatheke. Ankadziwa kuti a Shehe akakana chikho, zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo adzazikhala ndi Che Twaibu.

Lamulungu masana a Shehe Silaji, mkulu wa mzikiti wa ku Dikirani, anapita kunyumba yachifumu. Anali bambo wamfupi, wa ndevu zoyera, wolankhula ngati sakufuna kudzutsa munthu. Abiti anawatsatira, ndipo poti palibe amene amaona mayi wovala chitenje chakutha, anakhala pansi pafupi ndi khomo la bwalo la nduna osafunsidwa kanthu. M'katimo munali mfumu pa mpando wake, Mayi Ndandanda ndi womasulira, akazembe ena, ndi a Zonsezabwino, Nduna ya Mtendere, Umodzi ndi Zikondwerero, munthu amene sanabweretsepo uthenga woipa kwa mfumu chilowereni m'boma.

"Mfumu, sitikukana chikho," anatero a Shehe. "Tikuchifuna kuposa aliyense muno. Tikungopempha maola asanu ndi limodzi. Dzuwa likangolowa ndimwa, ndipo mukafuna ndinyambita ndi chikho chomwe."

"Dzuwa litalowa," inatero mfumu moganiza, ikusisita tsaya lakumanja. "Ndiye anthu akunja adzaona chiyani? Mano okha?"

Mayi Ndandanda anafiira nkhope. Kudzera mwa womasulira anati akupepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo Abwenzi amalemekeza kwambiri chipembedzo cha anthu a ku Dikirani, moti anasindikiza kabuku konena zimenezo. Koma ndege ndi ndege. Komanso Lachitatu akazembe onse akuyembekezeka ku ufumu wina kumene nakonso utsi walowa m'nyumba yopemphereramo. Lachiwiri likaphonyeka, sakudziwa kuti adzabweranso liti.

"Vuto laling'ono ili," inatero Nduna. "A Shehe, bwanji mwezi wanuwo uyambe Lachitatu? Boma likhoza kulemba kalata."

"Kalata yopita kwa ndani, olemekezeka?"

Apa mfumu inawala nkhope, poti inali itapeza nzeru. Inaitana mlembi n'kulamula kuti alembe kuti Lachiwiri likubwerali, m'malire onse a Tidyenawo, dzuwa lidzalowa hafu leveni m'mawa, ndipo aliyense woliona pambuyo pa nthawi imeneyo adzakhala wofalitsa mphekesera. Nduna zonse zinaomba m'manja. Mlembi anadinda chidindo.

"Likamvera, mfumu, ndidzamwa," anatero a Shehe.

M'chipindamo munangoti zii. Mu bata limenelo anthu anamva kuti wina akumeza. Anali kazembe wa ku Kumchenga, dziko lolemera la Asilamu okhaokha, limene linapereka matenti ndi makapeti a mwambowo. Anali atanyamula botolo la madzi ozizira. Ataona maso onse ali pa iye, anamwetulira n'kufotokoza kuti iye ndi wapaulendo, ndipo wapaulendo amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akafika kwawo. Za tsiku la mwambo anati anaziona ndithu, koma sanafune kusokoneza ndandanda ya anzake.

Nduna inadumpha pa mpando. "Basi, zatheka. A Shehe adzakhala apaulendo. Ulendowo umayenera kutalika bwanji?"

Kazembe anati makilomita opitirira makumi asanu ndi atatu. Kuchokera ku Dikirani kufika ku Mawamawa ndi makumi atatu okha, koma Nduna sinaone chovuta. Inati galimoto ya boma idzawatenga a Shehe m'mamawa n'kuzungulira nawo bwalo la mpira maulendo zana limodzi ndi makumi atatu, apolisi a njinga zamoto ali patsogolo, kenako adzatsika ali mlendo wotopa wochokera kutali.

"Olemekezeka," anatero a Shehe, "amene ndimamufungirayo bwalo la mpira amaliona lonse nthawi imodzi."

Nduna inakhala pansi n'kupukuta thukuta. Kenako inafunsa kazembe uja kuti enanso ololedwa kumasula ndi ati. Iye anawerenga pa zala: ana, okalamba otheratu, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi odwala. Ana ndi amayi mwambo wa chikho suwalola. Okalamba otheratu a ku Dikirani sanali nawo pa mkangano wa msewu, ndipo chikho chimafuna munthu amene analipo. Panatsala odwala. Nduna inatuma mesenjala kuti athamangire ku ndende ya Khalanipo. Boma silidziwa zambiri za Asilamu ake, koma pamene pali Msilamu wodwala linkadziwa bwino lomwe.

Mesenjala anabwera ndi kapepala ka dokotala wa kundende. Nduna inakawerenga itaimirira, ndi mawu a munthu wolengeza kuti mvula yagwa.

"Mfumu, uthenga wabwino. Twaibu Bwanali, Msilamu, analipo pa nkhani ya msewu. Chifuwa chachikulu. Miyendo yotupa. Akutsokomola magazi m'mawa uliwonse. Dokotala akuti kusala kudya kukhoza kumupha." Inakweza kapepalako m'mwamba. "Mtendere wapulumuka."

Umo ndi mmene Abiti Jafali anamvera za matenda a mwamuna wake. Pa kawindo ka waya paja Che Twaibu ankangoonetsa nkhope, ndipo nthawi zonse ankati ali bwino, ndi chimfine chabe. Abiti anadzuka n'kutuluka panja, pamene m'katimo nduna zinkaomba m'manja n'kugwirana chanza. Ine amene ndikusimba nkhaniyi ndaona zambiri ku Tidyenawo ndipo zambiri ndimaseka, koma kuomba m'manja kwa tsiku limenelo kumandinyansa mpaka lero.

Panja a Shehe anamupeza Abiti atakhala pa mwala. Anaima chapatali pang'ono, manja kumbuyo.

"Abiti, lamulo la Mulungu silikuwaletsa amuna anu kumwa chikhocho. Wodwala amamasula, amadzabweza akachira. Ndidzawauza ndekha."

"Ine za malamulo zanditopetsa, a Shehe, a mfumu ndi a maiko omwe," anatero Abiti. "Ndingomufuna kunyumba. Ndikamuphikire phala, ndikamutengere ku chipatala chenicheni."

"Insha Allah, Lachiwiri mupita naye."

Lolemba mzinda unasesedwa. Apolisi anathamangitsa ogulitsa onse a m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege kuti alendo asaone umphawi, ndipo miyala, mitengo ndi chitsa chimene Nangondo ankakhalira zinapakidwa laimu. Galimoto ya zokuzira mawu inazungulira msika kukumbutsa anthu za lamulo la dzuwa, poti panalibe amene anakumbukira kulichotsa.

"Ndiye mawa hafu leveni tiziyatsa nyali?" anafunsa wogulitsa tomato wina.

"Yatsani, achimwene," anatero Nangondo, akukoka thumba la makala kulowa nalo kuseri kwa mpanda. "Mukachita thukuta muziti ndi mame." Kenako anatembenukira kwa Abiti, amene ankapinda malaya ndi buluku la mwamuna wake n'kuika m'kachikwama. "Mukatuluka naye mudutse pano. Ndakusungirani makala abwino a phala lake, osati awa ndimagulitsa anthuwa."

Lachiwiri dzuwa silinamvere. Pofika teni koloko bwalo linali litadzaza. Akazembe anakhala m'matenti, pa makapeti, mabotolo a madzi ali pambali. Anthu a ku Dikirani anawabweretsa pa malole n'kuwakhazika padzuwa, kutsogolo kwenikweni kuti aoneke bwino pa kamera, onse atavala masikipa a nkhunda, milomo itauma. Zolankhula zinayamba. Kazembe aliyense anapatsidwa mphindi zisanu ndipo aliyense anatenga khumi ndi zisanu. Onse ananena kuti lero ndi tsiku losaiwalika, ndipo atatu analitchula molakwa dzina la Dikirani, aliyense mwa njira yakeyake.

Kuseri kwa tenti yaikulu, Che Twaibu anali atakhala pa mpando wachitsulo pakati pa asilikali awiri. Anamuveka mkanjo watsopano woyera ndi chisoti chopeta. Mkanjowo unamukulira kwambiri moti anaugwira ndi mapini kumsana. A Shehe anachonderera msilikali wamkulu kuti mkazi wake amuone, ndipo anapatsidwa mphindi ziwiri.

Abiti anagwada pafupi ndi mpandowo. Anayang'ana miyendo ya mwamuna wake, n'kuyang'ana manja.

"Mwaonda, Abiti," anatero Che Twaibu.

"Inu musandiseketse."

"Mwaona msoko wa mkanjowu? Amene anasoka ameneyu ndiye woyenera kumangidwa." Anatsokomola nthawi yaitali, n'kubisa kansalu m'dzanja. "Akuti ndimwe. Koma ine ndafunga. Chilowereni m'menemo sindinaphonye ndi tsiku limodzi. Chakudya amatipatsa kamodzi masana, ine ndimasunga mpaka dzuwa lilowe. Ndi chokhacho chimene sanandilande. Ndiye lero ndimwe pamaso pa anthu akwathu onsewo, iwo kukhosi kuli gwa?"

"Che Twaibu, mukudwala," anatero a Shehe. "Mulungu sanakulamuleni kudzipha. Mudzabweza mukachira, ndipo ine ndidzaimirira mu mzikiti kunena kuti ndinakuuzani ndine."

Che Twaibu ankayang'ana mkazi wake.

"Imwani, bambo a Mariamu," anatero Abiti motsitsa mawu. "Makina anu ndakhala ndikuthira mafuta mwezi uliwonse. Mariamu ali ndi mwana amene simunamuonepo. Sindinakupempheni kanthu zaka ziwiri zonsezi. Imwani tizipita kwathu."

Ng'oma zinalira. Asilikali anamuimiritsa n'kumuyendetsa mpaka pa nsanja, ndipo Nduna inamulengeza kuti ndi mtsogoleri wolemekezeka wa Asilamu onse a mu ufumu. Mfumu inalandira chikho, inapendeketsa mutu, inamwa, n'kuchipereka. Che Twaibu anachigwira ndi manja awiri. Anayang'ana anthu akwawo. Palibe amene anamuyang'ana mwaukali. Nkhalamba ina kutsogolo inangogwedeza mutu kuti imwani. Anatchula dzina la Mulungu chapansipansi n'kumwa. Atangomeza chifuwa chinamugwira, anawerama, ndipo thobwa lina linatayikira pa mkanjo.

Wojambula wa Abwenzi anakweza dzanja. Anati chithunzi sichinatuluke bwino, bamboyo anawerama n'kuphimba tsaya la mfumu, abwerezenso. Mfumu inayang'ana chikho chimene wachifuwa anali atangomwera, n'kuyang'ana Nduna. Nduna inakodola mesenjala, ndipo mosakhalitsa panabwera chikho china chofanana ndendende ndi choyambacho. Chithunzi chimene chinazungulira dziko lonse ndi chachiwirichi, ndipo sichionetsa kuti zikho zinali ziwiri.

Mayi Ndandanda analira misozi yeniyeni. Anapita pa chokuzira mawu n'kunena kuti zimene waona zamukhudza kwambiri moti wagwirizana ndi akazembe anzake pomwepo m'tentimo. Abwenzi azibwera chaka chilichonse, tsiku ngati lomweli, nthawi ngati yomweyi, kudzaona chikho chikubwerezedwa, ndipo thandizo lawo lipitirira malinga ngati chikho chikumwedwa. Bwalo lonse linaomba m'manja, mfumu kuposa onse. Kenako mayiyo anayang'ana pepala lake, n'kuona kuti atsala ndi mphindi zinayi. Akazembe anathamangira ku magalimoto oyera.

Abiti anazungulira kuseri kwa tenti ndi kachikwama kake. Anapeza Che Twaibu atabwezedwa pa mpando uja, a Shehe akumukupiza ndi pulogalamu ya mwambo. Nduna inafika ikupukuta nkhope, yosangalala, ndipo ndiyenera kunena kuti boma linali litaphunzirapo kanthu pa chisokonezo chimenechi. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Tidyenawo, nduna inafunsa za kalendala ya Asilamu tsiku lisanafike.

"A Shehe, kuti tisadzavutikenso. Chaka chamawa tsiku ngati lero, mwezi wanu udzakhala utatha?"

"Ayi, olemekezeka. Umabwerera m'mbuyo masiku khumi ndi limodzi chaka chilichonse. Lero ndi tsiku lachisanu la mweziwu, ndiye chaka chamawa lidzakhala la khumi ndi chisanu ndi chimodzi. Chaka chinacho lidzagwera chakumapeto, koma tidzakhala tikufungabe." A Shehe anali munthu wonena zoona, ndipo anazindikira chimene anena atamaliza kale kuchinena.

Nduna inayang'ana Che Twaibu kuyambira kumutu mpaka ku miyendo yotupa, ngati munthu woyang'ana nkhokwe imene iyenera kufika chaka chamawa. Kenako inakodola asilikali.

"Ndime ya khumi ndi chinayi," anatero Abiti, ataima pakati pawo ndi mpandowo. Anainena yonse, mizere iwiri, osaphonya liwu.

"Mwanena bwino, mayi, ndipo boma lasunga pangano," inatero Nduna mokoma mtima. "Amuna anu amasulidwa. Kuyambira lero si mkaidi. Mfumu yawakweza kukhala Wosunga Chikho wa Ufumu, udindo waukulu zedi. Kungoti nyumba ya udindowo ili ku Khalanipo, chipinda chomwe chija, poti anachizolowera."

"Akudwala, bwana. Mwawerenga nokha kapepala."

"N'chifukwa chake, mayi. Taganizani bwino. Mukapita nawo kwanu mukawaphikira phala, mukawapatsa mankhwala, achira. Akachira afunga. Akafunga, chaka chamawa adzamwa ndani? Mukufuna maiko asanu ndi awiri atifulatire, utsi ubwererenso mu mzikiti, chifukwa cha munthu mmodzi? Zaka ziwiri zokha. Mwezi wanu ukadzachoka pa tsiku lathuli, mudzabwere kudzawatenga."

A Shehe anayamba kulankhula, mokweza kwa nthawi yoyamba, koma Nduna inawakumbutsa kuti kukana kubwereza chikho n'chimodzimodzi kukana chikho, ndipo anthu awo onse akadali pabwalo pakati pa apolisi. Abiti anataya kachikwama n'kuthamangira kumsewu. Galimoto yomaliza yoyera inali ikutuluka pachipata. Anakuwa, anakweza manja onse awiri. Mayi Ndandanda anamuona pa galasi lotseka, anagwira pamtima posonyeza kuti nayenso wakhudzidwa, n'kumubayibitsa mpaka galimotoyo inakhota.

Pobwerera anapeza asilikali akumukweza Che Twaibu pa lole. Mkanjo ndi chisoti anali atamuvula kale kuti azisunge za chaka chamawa. Abiti anagwira chitsulo cha kumbuyo kwa loleyo.

"Ndine ndakuuzani kuti mumwe," anatero. "Ndine."

"Musalire, Abiti, mwafunga. Madzi amenewo muwafuna mpaka madzulo." Che Twaibu anaweramira pansi kufikira pakamwa pake panayandikira khutu la mkazi wake. "Pitani mukauze Mariamu kuti ndikubwera. Ndiyesetsa kuchira mobisa."

Lole inaliza injini ndipo msilikali anachotsa zala za Abiti pa chitsulo chimodzichimodzi. Itayamba kuyenda, Che Twaibu anayambanso kutsokomola, chifuwa chakuya chomveka ngakhale pakati pa phokoso la ng'oma. Nduna inaimitsa amene inkalankhula naye, inatchera khutu, inamvetsera mpaka loleyo inatuluka pachipata, ndipo mtima wake unakhala pansi.